Nyika za Alendo

Kumudzi kwa a Lorenso, kutsidya kwa Shire m'dera la Nyachikadza, nyumba iliyonse inali ndi thumba la nyika losungira alendo. Nyika ndi timizu takuda towawa ta maluwa a m'madzi, timene munthu amadya njala ikafika posauzana. Koma za m'thumbazi sizinali zodya. Zinali zoyanika pakhomo tsiku limene kwamveka kuti kukubwera anthu a zolembera ndi mapepala. Alendowo akaona nyika pamphasa ankapukusa mitu n'kujambula zithunzi, ndipo pakapita mwezi chimanga cha chithandizo chinkawoloka mtsinje. Nyika za a Lorenso zinali zitaonapo mabungwe atatu.

Musawaweruze msanga anthuwa. Njala ankaidziwa, ndipo chaka cha madzi osefukira cha 2015 mabanja ambiri anadyadi nyika mpaka m'kamwa kuda. Komanso zolembera zinawalumapo. Chaka china kunabwera anyamata aulemu ovala zipewa zofanana, n'kumayeza maso a maukonde ndi karula uku akuseka ndi aliyense. Patatha milungu itatu anabweranso ndi palafini ndi machesi, n'kutentha maukonde khumi ndi awiri padooko, eni ake akuyang'ana. Chiyambire tsikulo a Lorenso, amene anali wapampando wa asodzi, ankakonda kunena kuti munthu sayeza mbuzi imene sakufuna kuitenga.

Ndiye taganizani mmene mtima wawo unagundira pamene Priska, mwana wawo wobereka okha, anatsika m'bwato mwezi wa Ogasiti chaka cha 2016, chikwama kumsana, sikelo yopachika ili m'manja.

Priska ndiye yekha m'mudzi wonsewo amene anafika kuyunivesite. Ankaphunzira zachuma, ndipo kunamutsalira chaka chimodzi. Anachoka pamudzi kalekale akupita ku Fomu 1, ndipo chichitikire chigumula anali asanapondeko, poti tchuthi chilichonse ankagwira maganyu a muofesi ku Blantyre. A Lorenso ankakhalira moyo chinthu chimodzi, kudzaona mwanayu atavala chipewa cha makona anayi chija. Chaka chimenecho fizi inakwera moti makolo ena anagwira m'mutu, koma iwo sanadandaule kwenikweni. Madzi aja atabwerera anasiya mphende ndi milamba yambiri m'madambo, ndipo ndalama ya fizi inali itakwana kale.

Madzulo atakhala pansi pa mtengo wa nimu, a Lorenso analoza sikelo ija ndi mlomo.

"Chimenechi n'cha chiyani, mwananga? Wayamba geni?"

"N'cha kafukufuku, Ababa. Popanda ameneyu sindingamalize sukulu," anatero Priska. "Tiyerekeze kuti zonse zimene Amalawi timapanga pachaka, shuga, fodya, thonje, chimanga, nsomba zanu zomwe, ndi dengu limodzi la nsomba zana. Ife tikufuna kudziwa kuti m'dengumo boma limatapamo zingati zopita ku mayunivesite. Ena akuti imodzi, ena akuti ngakhale imodziyo sikwana, n'chifukwa chake fizi ikukwera. Vuto n'lakuti kukula kwa dengulo sikudziwika bwino, chifukwa za m'madambo ngati muno palibe amene amaziyeza. Ndiye aphunzitsi atigawa. Ena apita ku Makhuwira kukayeza mpunga, ena kwa Lundu, ine ndinasankha kwathu. Milungu itatu ndiziyeza nsomba padooko."

A Lorenso anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Mwanayo ankayankhula bwino, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa.

"Mapepalawo ukamaliza amapita kuti?"

"Kwa aphunzitsi."

"Aphunzitsiwo amawalipira ndani?"

"Boma."

"Ehe," anatero a Lorenso, n'kuyamba kufunsa za ulendo.

Sikuti ankamuganizira zoipa mwana wawo. Ankangoti nyongolotsi nayo sidziwa kuti yavekedwa mbedza. Anthu a m'maofesi aona kuti mlendo wa chipewa kuno sauzidwa zoona, ndiye atumiza mwana wa wapampando. Lero sikelo, mawa msonkho, mkuja mayina a mudzi wonse afufutidwa pa chithandizo chifukwa akuti ndi olemera. Ndipo anthu adzati chinawalowera kudzera pakhomo pa Lorenso.

M'mawa mwake, Priska atapita ndi mayi ake kukapatsa moni abale, a Lorenso anaitana asodzi kuseri kwa tchalitchi. A Sebastiano, amene ankagula nsomba zowamba n'kumakagulitsa ku Bangula, sanafune n'komwe kumva zambiri.

"Nkhanga zinapangana kusanapse," anatero. "Mwanayo ndi wathu, koma cholembera si chathu."

Anagwirizana msangamsanga. Ng'anjo zowambira nsomba zisamukire pa kachilumba kena kobisika m'kati mwa gumbwa, ulendo wa ola limodzi pa nkhafi. Mabwato azifikira kumeneko, akhuthule nsomba zonse, kenako azibwera padooko ndi timatsalira. Bwato lalikulu la a Lorenso, limene linkanyamula anthu asanu ndi atatu ndi matumba awo omwe, lisaonekenso kumudzi, chifukwa bwato lotere silikhala la munthu wosauka. Ndipo akazi atulutse matumba aja.

A Justina, akazi awo a Lorenso, atamva, anaika pansi chidebe cha madzi.

"Bambo a Priska, mwana wobereka nokha mukamuyanikire nyika?"

"Milungu itatu yokha, mayi. Sitikunamiza iye, tikunamiza mapepala."

"Mapepalawo ndiwo ali ndi maso?"

 A Lorenso anakatenga thumba lija okha n'kulikhuthulira pamphasa.

Motero ntchito inayamba. Kukangocha Priska ankakhala ali padooko, sikelo itapachikidwa pa nthambi, buku lili pa bondo. Asodzi ankabwera mmodzimmodzi, nkhope zili zakugwa, wina timphende tisanu, wina kamlamba kamodzi kowonda ngati chala. "Nkhabe nsomba, mwana wathu," ankatero. "Madzi aja anapita nazo." A Sebastiano ndiye anachita kupitirira muyezo. Anafukula malaya ong'ambika amene ngakhale mbuzi ikanawakana, n'kumayenda motsimphina, kuiwala kuti mimba yawo yonona inkatulukira pong'ambikapo. Priska ankayeza chilichonse mwaulemu, n'kulemba, n'kuthokoza m'Chisena kuti takhuta.

Chimene a Lorenso sanachiganizire n'chakuti nyika zoyanikidwa pakhomo zimafunika kudyedwa. Mlendo wa bungwe amajambula n'kupita, koma mwana wa m'nyumba amagona momwemo. Tsiku lachiwiri Priska anaziwola yekha, n'kuzisinja, n'kuphika. A Lorenso anadya nyika zimene zinakhala m'thumba zaka zingapo, akumeza ngati mankhwala a malungo, uku akuyamikira kaphikidwe. Iwo zinali bwinoko, poti masana ankakakhuta mlamba wootcha kuchilumba kuja. Priska analibe chilumba. Kaufa kochepa kamene a Justina ankatulutsa ankakana kukadya kambiri, akuti kasungidwire bambo amene amagwira ntchito.

Komabe mwanayu sanapite kuyunivesite pa ulere. Mlungu woyamba usanathe anayamba kuyang'ana zinthu ndi diso lina. Tsiku lina anaima nthawi yaitali akuyang'ana kum'mawa.

"Ababa, utsi uwo ukufuka m'gumbwamo tsiku lililonse ndi wa chiyani?"

"Akutentha bango, akonze madimba."

"Nanga mchere? Ku okala ndaona matumba asanu. Mudzi wopanda nsomba mchere wonsewo ukuthira pa chiyani?"

"Ndi wa anthu a ku Mozambique amene amadutsa kuno."

Priska anangoti, "Oho," koma a Lorenso anamuona akulemba kanthu kumapeto kwa buku lake. Anayamba kumuzonda nawonso. Mwanayo akapita kumtsinje, iwo ankatsegula bukulo, koma munali Chingelezi ndi manambala okhaokha. Priska akabwera ankapeza bukulo lili mozondoka, n'kungolitembenuza. Anapempha anthu atatu kuti amupalasire kumene kunkafuka utsi kuja. Woyamba anati kuli mvuu ya mwana, wachiwiri anati msana, wachitatu anati bwato likuthonya. Atafunsa mayi ake, a Justina anadzuka n'kupita kukaona nkhuku zimene zinali zisanasowe.

Masiku amenewo m'nyumbamo munali chete woipa. Bambo ndi mwana ankapatsana moni wa m'mawa mwaulemu wonse, aliyense akuwerenga nkhope ya mnzake. A Lorenso ankasamba m'manja ndi phulusa asanafike kunyumba kuti fungo la nsomba lichoke, ndipo kamodzi anamupeza Priska akununkhiza chipewa chawo. Mtima unkawawawa, koma ankadziuza kuti masiku atsala ochepa.

Lachitatu la mlungu womaliza, Priska atatsitsa sikelo, anakhala pafupi ndi bambo ake padooko. Anthu ena onse anali atapita.

"Ababa, ndawerenga mabwato onse a pano. Mwadiya wanu waukulu uja sindinauone. Uli kuti?"

A Lorenso anayang'ana madzi. Yankho la funso limeneli anali asanalikonze. Akanena kuti unapita ndi chigumula, mwanayo akumbukira kuti anamuuza pa foni kuti ndi umene unapulumutsa banja lonse. Akanena kuti anabwereketsa, afunsa kwa ndani. Ndiye pakamwa panatuluka chimene chinali pafupi.

"Ndinagulitsa."

"Munagulitsa?"

"Pamodzi ndi maukonde awiri. Fizi yakwera, mwananga. Unkaganiza kuti ndalamazo ndizitenga kuti, m'madzi mopanda nsomba muno?"

Anayembekezera funso lina, koma silinabwere. Priska ankangopotokola chingwe cha sikelo pa chala. Diso lofufuza lija linazima pomwepo, ndipo a Lorenso anamva mpumulo, ngati munthu amene ng'ona yamuphonya. Anaona kuti apambana.

"Ndinkakukayikirani, Ababa," anatero Priska motsitsa mawu. "Mundikhululukire. Ndimawerenga kuti boma limaika zingati pa zana. Sindinawerengepo kuti inu mwaika zingati."

"Usadandaule nazo zimenezo. Iwe phunzira basi."

Chichokere apo sanafunsenso za utsi kapena mchere. Anamaliza masiku ake akuyeza timphende tija, ndipo madzulo ankathandiza mayi ake kusinja nyika osayankhula. Loweruka m'mawa, akunyamuka, a Lorenso anamupatsa ndalama za fizi zitakulungidwa m'pepala la shuga.

"Zotsala za mwadiya," anatero, poti bodza likayamba limafuna kudyetsedwa.

Priska anagwada, n'kulandira ndi manja awiri. "Takhuta, Ababa." Sanawayang'ane kumaso. A Justina anamuperekeza mpaka padooko, akufuna kumuuza zoona, koma amuna awo anali pambali pawo nthawi yonseyo.

Bwato la Priska lisanafike n'komwe tsidya linalo, mudzi unadzuka. Ng'anjo zinabwerera m'malo mwake, nyika zotsala zinalowa m'matumba, a Sebastiano anavala malaya awo a mabatani. Amuna ankawagwira chanza a Lorenso, akuti uyu ndiye wapampando, sanaone nkhope ngakhale ya mwana wake. Iwo ankaseka nawo. Ankaganiza kuti tsiku la chipewa cha makona anayi adzamuuza Priska zonse, ndipo adzaseka limodzi mpaka misozi. A Justina okha ndiwo sanaseke. Ankawaikira chakudya n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Panapita masiku khumi ndi awiri. A Lorenso anaimba foni kawiri, Priska n'kuyankha mwachidule kuti ali bwino, ali wotanganidwa. Anati ndi mmene amakhalira ana a sukulu teremu ikamayamba.

Lachinayi m'mawa kunagwa nsomba zimene anthu anakhala akuzisimba chaka chonse. Bwato lalikulu lija linafika padooko litazama mpaka m'milomo, mphende zikuphiriphitha m'miyendo mwa a Lorenso. Akazi anali atafola ndi mabeseni, a Sebastiano akukuwa mitengo, utsi wa ng'anjo uli tolotolo. M'phokoso limenelo palibe anaona bwato lina likuwoloka kuchokera ku Nsanje, mpaka litagunda mchenga pafupi ndi la a Lorenso.

Linali bwato lalikulu ndithu, logwirapo ntchito koma lolimba, lomatidwa phula kumutu. Ankapalasa anali bambo wachilendo. Pakati panali mtolo wa ukonde watsopano, ndipo pamtolopo panakhala Priska, atavala chitenje, wopanda chikwama cha kumsana chija.

Phokoso linatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi. A Sebastiano anatsala ndi mlamba m'manja, osadziwa kuti auike pati. Priska sanatsike msanga. Anayang'ana mabeseni, ng'anjo, nsomba zoyanikidwa pa thandala. Kenako maso ake anafika pa bwato la bambo ake, n'kukhala pamenepo. Ankalidziwa bwino, poti chigamba cha lata cha kumchira anathandiza kukhoma yekha ali mwana.

"Priska," anatero a Lorenso. "Sukulu?"

Mwanayo anatsika, madzi akumufika m'mawondo.

"Amene anakugulani mwadiya wakubwezerani, Ababa?"

A Lorenso analibenso bodza lotsala. Asodzi amene anawagwira chanza aja anali akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Mwananga, tinkaopa mapepala. Sunali iwe. Ndikanakuuza ukadzamaliza."

"Ndinakufunsani za utsi. Ndinakufunsani za mchere. Kenako ndinakupepesani." Priska ankayankhula motsitsa, moti a kumbuyo anachita kusendera. "Masiku onse aja ndinkagona ndikuganiza kuti bambo anga akalamba akudya nyika chifukwa cha ine."

"Bwatoli n'la ndani?" anafunsa a Lorenso, ngakhale mtima unali utawauza kale.

"N'lanu. Ndinaligula ndi ndalama za fizi zija. Sizinakwane zonse, ndiye ndinagulitsa laputopu kuti ndionjezere ukonde."

"Tibweza. Lero lomwe. Nsomba izi waziona, Sebastiano agula zonse, mawa ukwera basi ya m'mawa."

"Kulembetsa anatseka Lachisanu lapitali. Kalata yosiyira sukulu ndinapereka ndekha. Akuti mwina chaka chamawa, ngati malo adzakhalepo. Ntchito ndapeza pa sukulu ina ya pulaiveti ku Bangula, ndiyamba Lolemba."

A Justina anali atafika, beseni lili pamutu. Analitsitsa pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pamchenga, n'kufunda chitenje kumutu. Sanalire mokweza.

"Nanga kafukufuku uja?" anafunsa a Sebastiano, amene sankadziwa nthawi yokhala chete.

"Ndinasiyira aphunzitsi. Alowetsa kale pamodzi ndi za anzanga. Musaope, a Sebastiano, palibe adzabwere kudzakutengerani msonkho. M'mapepalamo mudzi uno supanga kanthu."

A Lorenso anamva manyazi ndi chisoni zikuwakwera limodzi. Anafuna kugwira dzanja la mwana wawo, koma manja awo anali mamba okhaokha, ndipo anangowapukutira pa kabudula. Bambo wachilendo uja anatsokomola, akuti iye ntchito yake yatha, akufuna womuwolotsa kubwerera.

Priska anatenga chingwe cha kumutu kwa bwato latsopanolo, n'kuchiika m'manja mwa bambo ake.

"Digiri yanu ndi imeneyi, Ababa. Imangeni bwino, ingapite ndi madzi."

Atatero anapita kukadzutsa mayi ake, awiriwo n'kulowera kumudzi. A Lorenso anatsala ataima m'madzi pakati pa mabwato awiri. Anafunafuna chikhomo chomangirapo, koma padookopo iwo anali ndi chimodzi chokha, ndipo chinali ndi bwato kale.